Fulu Sabayidwa Jakisoni wa Mbuzi

Ine ndimaweta fulu. Ndanena poyambirira pomwe kuti amene akufuna kuseka asekeretu, chifukwa kwathu kuno, kumapiri a mbali ya Nachisaka, anaseka mpaka anatopa okha. Ena ankati ndi chizimba cha fodya, ati ndikamuika m'shedi masamba amalemera. Ena ankati ndikumunenepetsa kuti ndidzamudye pa Khirisimasi. Mayi wina wa kumpingo kwathu anachita kubwera yekha kudzandifunsa ngati n'zoona kuti fuluyo amayankhula. Ndinamuyankha kuti inde amayankhula, ndipo amatchula maina a anthu amiseche. Sanabwerenso.

Woyamba ndinamupeza m'mwezi wa Ogasiti, tikukonza mabedi a nazale ya fodya kudimba. Tisanafese fodya timaunjika mapesi pabedi n'kuyatsa moto kuti nthaka ipse, tizilombo ndi njere za udzu zife. Mapesi anga ndinali nditaunjika masiku atatu m'mbuyo mwake, osadziwa kuti pali amene walowa pansi pake kudzabisala. Moto utakolera ndinaona chinthu chikutuluka mu utsi, chikuyenda ngati mwala wamiyendo. Ndinachikankhira pambali ndi mpini wa khasu n'kuchikhuthulira madzi onse a m'kheni yothirira. Chigoba chinali chitapsa mbali imodzi.

Moto uja ndinayatsa ndine, nkhani yake ndi yomweyo basi. Ndinamunyamula m'chipewa kupita naye kunyumba ndi maganizo oti akachira ndidzamubwezera kutchire. Anachiradi, koma mbali yopsayo inatsala yopyapyala, ndipo ndinadziwa kuti galu woyamba kukumana naye kutchireko adzamuswa. Ndinamumangira khola la njerwa lolekeza m'mawondo kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa gwafa. Ameneyo anali wamkazi. Wamwamuna anabwera patapita zaka ziwiri. Ndinakumana ndi tenanti wina wa pa esiteti ya kutsidya atamumanga ndi luzi akupita kokamuwotcha, ndiye tinasinthana ndi tambala. Akazi anga anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa tambalayo anali wawo.

Amene amati fulu alibe nzeru sanakhalepo naye. Angawa ankadziwa mayendedwe anga. Dzuwa likangowomba pakhoma la khitchini, ine n'kutulukira ndi chisoso, bonongwe kapena maluwa a maungu, onse awiri ankabwera makosi ali m'mwamba. Akabwera munthu wina ankangokhala phee ngati zitsa. Ine ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ku kalabu ya alimi anandichotsa m'komiti chifukwa ndinagenda mlembi ndi chipewa msonkhano uli m'kati. Koma pa zaka zisanu ndi zinayi zimene ndakhala ndikuweta afulu sindinawakalipirepo. Fulu ungamukalipire kuti atani? Amangolowa m'nyumba mwake, iwe n'kutsala ukuyankhula wekha.

Tsopano ndinene za alamu anga, chifukwa popanda iwo palibe nkhani. Ine pano ndine mkamwini. Mudzi ndi wa akazi anga, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wawo wamkulu, alamu angawo. Ali mnyamata anagwirako ntchito yoweta ng'ombe pa famu ina, ndipo kuchokera nthawi imeneyo pamudzi pano udokotala wa ziweto ndi wawo. Chaka chilichonse mvula ikangoyamba amatenga jumbo, mkati muli botolo limodzi la mankhwala a njoka zam'mimba ndi jakisoni mmodzi, n'kuzungulira makomo onse a mbumba yawo. Chilichonse choyenda ndi miyendo inayi chimabayidwa: mbuzi, nkhumba, galu. Salipiritsa, amangomwa thobwa pakhomo lililonse. Kuwakaniza kulowa m'khola lako ndiye kuti wawanyoza pamaso pa alongo awo onse. Ndipo ndinene chilungamo, mbuzi zathu zimanona. Mankhwala aja pa mbuzi amagwira ntchito.

Chaka chimene ndikunenachi, masuku atangoyamba kugwa, ndinaona kuti afulu anga sakudya. Masuku ndiye chinthu chimene ankalimbirana, koma ndinawaikira atatu m'mawa n'kuwapeza madzulo ali pomwepo, nyerere zitaunjikana. Ndowe zawo zinasanduka zamadzimadzi. M'mawa wina ndikusesa m'kholamo ndinaona ndowe za wamwamuna zikugwedezeka. Nditawerama ndinaona tinjoka toyera tambirimbiri, tating'ono ngati tizidutswa ta ulusi. Ndinamunyamula mwiniwake. Anali wopepuka ngati chikho chopanda kanthu.

Tsiku limenelo linali lomwe alamu anafika pakhomo pathu ndi jumbo lawo.

"Mbuzi zatha, nkhumba yatha, galu watha," anatero akupukuta singano pa thalauza. "Kwatsala inu alamu ndi mlongo wangayu. Ayambe ndani?"

"Yambani ndi afulu," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Miyala yanu ija? Mukufuna singano yanga ipindike?"

Ndinawatengera kukhola n'kuwaonetsa ndowe zija. Kuseka kunatha. Anatokosa ndi kamtengo, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene waziona kambirimbiri.

"Njoka ndi njoka basi," anatero. "Ya m'mbuzi, ya m'nkhumba, ya m'fulu, mankhwala ake ndi amodzi. Gwirani mwendo."

Akazi anga anali ataima pakhomo la khitchini, botolo lili m'manja akulitembenuza.

"Achimwene, apa ajambulapo ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba. Fulu sindikumuonapo."

"Nanga galu ukumuonapo?" anatero alamu. "Si uyo akukanda utitiri apoyo? Wafa?"

Ine ndiye ndinawonjezera zanga. Ndinawafunsa akazi anga kuti udokotala anauphunzira liti. Anaika botolo pa njerwa n'kulowa m'khitchini.

Wamwamuna anali wofooka kale, moti nditakoka mwendo wakumbuyo sanalimbane nane kwenikweni. Ndinaugwira ndine, alamu n'kubaya. Wamkazi atamva phokoso anabweza mutu ndi miyendo yonse n'kutseka. Alamu anamugogoda kawiri katatu, kenako anati makomo ena akuwadikira, adzabweranso.

Kutacha ndinamupeza wamwamuna khosi lili panja, litagona pansi ngati chingwe. Miyendo inali itatambasuka ngati nsanza zonyowa. Ndinamugwira pamphuno. Fulu wamoyo ukamugwira pamphuno amabweza mutu usanachotse chala, koma uyu anangophethira. Ankandiona, koma thupi linali litamukana. Ndinamuika pamthunzi, ndinamudonthezera madzi pakamwa, ndinachita zonse zopanda pake zimene munthu amachita. Tsiku lachitatu m'mawa anali atafa. Ndinakumba dzenje lakuya kumunda kuti agalu asamufukule.

Alamu atamva anabwera msanga, ndipo anafika ali ndi yankho kale.

"Tinachedwa, alamu. Njoka zinali zitamudya kale mkati. Wamkaziyu tikachedwa naye apitanso."

Ine ndinali ndi yankho langa. Botolo lija alamu analigula kwa munthu wina woyala malonda pansi tsiku la msika ku Kasakula. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndi mankhwala achinyengo, othiramo kaya mafuta a nyale kaya chiyani. Ndinawalanda botololo.

"Mawa m'mawa mukagule botolo latsopano kusitolo yeniyeni ya zaulimi," ndinatero. "Mukabwera mubaye wamkaziyu, musandidikire. Ine ndikupita ndi ili kwa alangizi a ziweto. Munthu ameneyu amangidwe."

Mawu amenewa ndinawanena ndine, akazi anga akumva.

Ofesi ya alangizi a ziweto ili pa mtunda wa maola awiri panjinga, ndipo popita ndi chitunda chokhachokha. Ndinafika thukuta lili kamukamu, mkwiyo utawonjezeka pa chitunda chilichonse. Alangiziwo ndi mayi wa msinkhu wanga, wovala magambuti ngakhale mu ofesi. Sindinapereke n'komwe moni. Ndinaika botolo patebulo pawo mwamphamvu.

"Anthu akutigulitsa poizoni inu muli pano mukulembalemba!"

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero osadzutsa mutu.

"Ndadzuka."

"Ifenso tadzuka. Khalani pansi, mpando sulipiritsa."

Anatenga botolo, anawerenga, analiyang'ana padzuwa, ananunkhiza chivindikiro.

"Awa ndi aivamekitini enieni, ndipo sanathe mphamvu. Zafa mbuzi zingati?"

"Si mbuzi."

"Nkhumba?"

"Fulu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Fulu uti? Wakutchire uja?"

"Fulu ali ndi mitundu ingati, mayi? Fulu! Wanga! Ndakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri!"

Ndinaona kuti akulimbana ndi kuseka, ndipo ndikanaona dzino limodzi lokha ndikanatuluka. Koma anadzigwira. Anati kusukulu anaphunzira za ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, za fulu sangandinamize. Anati ali ndi mnzawo mumzinda, dokotala amene amaona nyama zakutchire. Anamuimbira pomwepo n'kukweza mawu a foni kuti ndizimva ndekha. Atangotchula dzina la mankhwalawo pamodzi ndi mawu oti fulu, dokotala uja sanadikire kuti amalize.

"Ayi, ayi, ayi! Amenewo kwa fulu ndi poizoni. Amalowa m'mitsempha n'kuumitsa thupi lonse, mpaka amalephera kupuma. Ngakhale kadontho. Anafa khosi lili panja, eti?"

Ndinavomera ndi mutu, ngati akundiona.

"Ali ndi winanso?" anafunsa dokotalayo.

Ndinayang'ana panja. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo alamu ndi munthu wolawirira. Ndinatulutsa foni n'kuimbira akazi anga. Sinalowe, ndipo ndinakumbukira kuti anaipititsa kotchajitsa dzulo lake. Ya alamu inangoti sakupezeka, chifukwa kwathu kuchigwa netiweki umachita kukwera pachulu kuti uipeze.

"Bambo, chavuta n'chiyani?" anafunsa alangizi.

"Ndawatuma alamu anga kuti akabaye winayo. Lero. Mmawa uno."

"Ndiye mukudikira chiyani? Thamangani! Zina tikambirana mawa. Mubwere ndi ndowe zake zatsopano!"

Njira imene ndinakwera maola awiri ndinaitsika sindikudziwa mphindi zingati. Mabuleki a njinga yanga anali atatha kalekale, ndinkaimitsa ndi chidendene cha nsapato pa tayala. Tsiku limenelo sindinaikepo chidendene. Amayi ena ochokera kuchigayo anathawira m'tchire ndi matumba awo akunditukwana. Pa kamtsinje ka pafupi ndi kwathu tcheni chinagwa. Sindinachikonze, ndinaisiya njingayo mu udzu n'kumaliza ndi miyendo.

Nditatulukira kuseri kwa khitchini ndinawapeza alamu atakhala pa ndowa yovundikira m'kati mwa khola. Fulu anali pamiyendo pawo, jakisoni wodzaza ali kudzanja lamanja. Fuluyo anali atatseka ndithu, miyendo yakutsogolo itaphimba nkhope, yakumbuyo italowa mpaka zikhadabo.

"Mwamubaya?" ndinakuwa.

"Abayidwe pati?" anatero alamu. "Chikhalireni pano kuchokera mmawa. Ndamugogoda, ndamutokosa ndi udzu, ndamuimbira nyimbo. Ndamuuza mlongo wangayu kuti andipatse khala la moto ndiike pamsanapa atulutse mwendo, ati moto wazima. Ndati yatsa wina, ati machesi sakuwaona. Ola lathunthu munthu akufuna machesi m'khitchini mwake momwe!"

Akazi anga anali ataima pakhomo paja manja atapinda. Utsi unali kutuluka bwinobwino padenga la khitchini kumbuyo kwawo.

Munthu wanzeru akanafotokoza pang'onopang'ono. Ine ndinadumpha njerwa, ndinatsomphola jakisoni m'manja mwa alamu n'kumuponya padenga.

"Mwandiphera mmodzi, simunakhute? Dokotala wa kuti inu? Mankhwala anuwa kwa fulu ndi poizoni!"

Alamu anamuika fulu pansi mofatsa. Anaimirira n'kusasa thalauza.

"Mwendo anagwira ndani?" anafunsa.

Ndipo anapitiriza.

"Anandituma kusitolo ndani? Ndipo alamu, mukamakuwa choncho muziyamba mwayang'ana pansi, muone dothi mwapondalo kuti ndi la yani."

Mawu amenewo mkamwini aliyense amawadziwa kulemera kwake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo chimene chinali kubwera chikanandisamutsa pamudzi pano tsiku lomwelo. Akazi anga anandidula.

"Nonse awiri ndinu madokotala, tamva. Bambo, kwerani padenga mukatsitse jakisoni wa achimwene. Mbuzi za kwa mayi aang'ono sizinabayidwe."

Ndinakwera. Ndinamupeza atakodwa mu udzu, ndinatsika naye n'kumupereka kwa alamu ndi manja awiri. Ndinawauza zonse zimene dokotala uja ananena, ndipo ndinavomera kuti wolakwa wamkulu ndine, chifukwa afulu ndi anga ndipo wondichenjeza ndinamutseka pakamwa ndekha. Alamu anati iwo pa famu paja fulu sanamuonepo, ndipo anapempha madzi akumwa. Kwa alamu anga kumeneko ndiye kupepesa, ndipo ndinakulandira.

Koma fulu anali akudwalabe. Kupulumuka jakisoni sikunachotse njoka m'mimba mwake, ndipo anali atatha sabata ziwiri osadya chinthu chooneka.

M'mawa mwake ndinabwereranso kwa alangizi ndi ndowe zatsopano m'kabotolo kotsuka bwino, fulu ali m'katoni yoboola kumbuyo kwa njinga. Ulendo uno ndinayamba ndi moni. Ndowezo anazitumiza kuboma kuti akazione pa makina oonera tizilombo, chifukwa, monga ananenera, sungamwetse nyama mankhwala usanadziwe kuti mkatimo muli njoka zamtundu wanji komanso zochuluka bwanji. Kenako anati dokotala wa mumzinda akufuna kulemera kwa fuluyo, kwenikweni, osati kongoyerekeza ndi dzanja. Mankhwala ake amayezedwa potengera kulemera. Ukachepetsa njoka sizifa, ukachulutsa wapweteka fulu.

"Sikelo yanga ndi tepi yozunguliza pachifuwa pa ng'ombe," anatero. "Uyu chifuwa chake chili pati? Kafuneni sikelo pamsikapo. Koma osati ya mavenda a soya, imeneyo ingamudule theka."

Sikelo yokhayo imene anthu a pamsika paja amaikhulupirira ndi ya buchala, ya manambala owala. Ndinalowa ndi katoni yanga, ndinatulutsa fulu n'kumuika pa mbale ya sikelo. Buchalayo, bambo wonenepa wa epuloni yamagazi, anasiya kunola mpeni.

"Achimwene, mukugulitsa yonse kapena pa kilo?"

"Ndikungoyeza."

"Ameneyu ndiye saona mafuta ophikira. Kungomugoneka chagada pamakala, mbale ndi chigoba chake chomwecho."

Anthu amene ankadikira nyama anaseka. Ndinatsala pang'ono kumukalipira. Koma dzulo lake lomwelo ndinali nditakwera padenga anthu akuona, ndiye ndinameza. Ndinamuuza kuti fuluyu akudwala njoka zam'mimba ndipo ndowe zake zimatuluka nthawi iliyonse, makamaka akamva anthu akuseka. Anawerenga manambala mofulumira kuposa mmene anawerengerapo chiyambire, n'kuthamangira ndowa ya madzi ndi sopo kuti atsuke sikelo yake. Ndinalemba kulemerako padzanja ndi bolopeni.

Zotsatira za kuboma zinabwera patapita masiku atatu: mazira a njoka anali ochuluka zedi. Mankhwala amene dokotala anasankha ndi akumwa, oyera ngati mkaka, otchedwa fenibendazo. Mlingo wake sindilemba pano. Ndikudziwa anthu akwathu, wina angaukopere n'kukamwetsa fulu wamng'ono ngati chibakera, kenako n'kumati ndamuphetsa ine. Alangizi anandiyezera okha m'majakisoni awiri opanda singano, mmodzi wa nthawi yomweyo, wina wodzamwetsa pakatha masabata awiri kuti aphe njoka zimene zidzakhale zitaswa kumene. Nditaona kuchepa kwake ndinafunsa ngati sakundiseweretsa.

"Mwayambanso?" anatero. "Zochuluka munaziona kale zotsatira zake."

Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kukanula pakamwa pake ndi msomali kapena supuni. Nsagwada ya fulu imatha kusweka, ndipo mankhwala akalowa njira yopumira ndiye kuti wamutsamwitsa. Anati ndiike m'chakudya chimene amachikonda kwambiri, ndipo ndione ndi maso anga kuti wameza chonse. Masiku atatu odikira aja ndinali ndikumukhazika m'beseni la madzi ofunda pang'ono m'mawa uliwonse, olekeza pachibwano, kuti amwe ndi kupezako mphamvu. Ndinamusamutsiranso pamalo ena oyera. M'khola lakale ndinapala dothi lonse lapamwamba n'kukalitaya kudzenje, chifukwa mazira a njoka amatsalira m'dothimo, fulu n'kumawadyanso pamodzi ndi masamba. Apa ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkawaponyera chakudya pansi pomwe amachitirapo chimbudzi. Kutchire fulu amadya apa n'kupita kutali. M'khola langa ankangozungulira pa ndowe zake zomwe.

Ndinasankha suku lakupsa bwino, ndinachotsa njere, ndinafinyiramo mankhwala n'kuliika patsogolo pake. Anatulutsa mutu pang'ono, ananunkhiza, n'kutembenukira kukhoma. Ndinadikira. Ndinaimirira kuti ndiwongole msana, ndipo pomwepo nkhuku ya akazi anga inadumphira mkati, inatola suku lonse n'kuthawa nalo. Ndinaiponyera nsapato. Nsapatoyo inaphonya nkhuku n'kuswa mtsuko.

"Bambo," anatero akazi anga akutola mapale, "nkhukuyo ndiye yachira. Mtsuko mugula."

Kunatsala jakisoni mmodzi. Wa masabata awiri ndikanatha kukatenganso, koma fuluyo sakanatha kudikira ulendo wina uliwonse, chifukwa maso ake anali atayamba kulowa mkati. M'mawa mwake ndinatsekera nkhuku zonse. Ndinamukhazika m'madzi ofunda, ndinamuika padzuwa kuti thupi litenthe, popeza fulu wozizidwa sadya. Ulendo uno ndinayamba ndamuikira kachidutswa ka suku kopanda mankhwala. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, suku la mankhwala lili m'dzanja.

Kumunda fodya anali akudikira kubandira. Anzanga ankadutsa ndi makasu paphewa n'kumandifunsa ngati ndadwala. Sindinayankhe aliyense, chifukwa ndikangoyankhula mutu uja unkabwerera mkati. Ntchentche zinanditera pamilomo, ndinazisiya. Mwendo unachita dzanzi, ndinausiya. Moyo wanga wonse sindinakhalepo chete nthawi yaitali choncho, ngakhale m'tchalitchi. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo anatambasula khosi, anayang'ana kachidutswa kaja ndi diso limodzi, kenako ndi linalo, n'kuluma. Anatafuna ngati nkhalamba yopanda mano. Atameza ndinatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kuika suku lenilenilo pamalo omwewo. Anabweza mutu. Ndinatseka maso kuti ndisatukwane. Nditatsegula anali ataliponda ndi mwendo wakutsogolo akuling'amba. Anadya lonse, mpaka khungu.

Masiku awiri otsatira ndowe zake zinatuluka ndi tinjoka takufa tosawerengeka. Ndinkazichotsa nthawi yomweyo ndi fosholo n'kusamba m'manja ndi sopo, monga anandiuzira. Tsiku lachinayi anadya tsamba la chisoso. Masabata awiri atakwana ndinakatenga mlingo wachiwiri, ndipo umenewo anaumeza ndisanakhale n'komwe pansi.

Patatha mwezi ndinapititsanso ndowe. Alangizi anandiuza kuti mazira atsala ochepa kwambiri. Ndinati ndiye andipatsenso mankhwala timalizitse onse. Anakana. Anati dokotala wanena kuti fulu wathanzi amakhala ndi tinjoka tochepa m'mimba, ndipo sitimuvuta. Vuto limabwera tikachuluka chifukwa cha khola lauve kapena lothina. Anati ndizisesa tsiku ndi tsiku, chakudya ndiziika pamwala wotsuka, ndipo ndowe ndizipititsa kukayezetsa kamodzi pachaka m'malo momangomwetsa mankhwala chifukwa choti mvula yayamba. Ndinatsutsa pang'ono, mwa chizolowezi chabe, koma ndinamvera.

Kuchira kwake kwenikweni sindinakumve kwa alangizi. Tsiku lina masana ndikuchokera kumunda ndinamva akazi anga akukuwa kuseri kwa nyumba. Ndinathamanga khasu lili m'manja, poganiza kuti ndi njoka. Ndinapeza njerwa ziwiri za khola latsopano zitagwa. Fulu, amene mwezi umodzi m'mbuyomo sankatha kunyamula chigoba chake, anali atazikankha n'kuyenda bwalo lonse mpaka pa kabedi ka mpiru kamene akazi anga anabzala pafupi ndi bafa. Mzere woyamba unali utatha. Anali pakati pa wachiwiri, tsamba likulendewera pakamwa.

"Taonani chinthu chanuchi!" anatero akazi anga. "Mpiru wanga wonse! Muchotseni msanga!"

Ndinawerama kuti ndimunyamule ndi dzanja limodzi monga ndinazolowera m'masiku a matenda aja. Sanatheke. Ndinaika khasu pansi n'kugwira ndi manja awiri, iye akupalasa miyendo m'malere, khosi likufunabe mpiru.

"Mayi," ndinatero, "mzerewu wayamba kale. Amalize."

"Amalize? Ndiye madzulo ano ndiwo mudya chiyani?"

"Chilichonse."

Ndinamubwezera pansi pomwe ndinamutola, ndipo anapitiriza pa tsamba lomwe analekezera.